WERENGANI MUSANALUMIKIZE: MASAMU A MAGETSI

Ketulo iliyonse yamagetsi, ayironi, mbaula yamagetsi, ngakhale kachaja ka foni, zimabwera ndi timalemba ting'onoting'ono kunsi kapena kumbuyo kwake. Pamakhala manambala onga 230 V ndi 2000 W. Ambirife pogula timayang'ana maonekedwe ndi mtengo, timalembato osatilabadira n'komwe. Chonsecho manambala amenewa ndi amene amatiuza ngati waya wa m'nyumba mwathu apirire kapena ayake moto, komanso ngati mayunitsi amene makolo athu agula afike kumapeto kwa mwezi.

M'kalasi ya Physics timaphunzira lamulo la Ohm, ndipo ambiri timangoliloweza kuti tikakhoze mayeso a MSCE, kenaka n'kuliiwala. Ine ndikuona kuti kutero n'kudzimana. Cholinga changa m'nkhani ino ndi kuonetsa kuti munthu akadziwa voltage ndi current angathe kupeza resistance ndi power, ndipo akapeza zimenezi angathe kuiona ngozi isanafike. Anzanga a Fomu 1 ndi Fomu 2 musathawe ayi. Masamu ake ndi kuchulukitsa ndi kugawa basi, omwe aja tinaphunzira ku pulayimale.

ZINTHU ZINAYI ZOYENERA KUZISIYANITSA

Pa Chichewa timangoti "mphamvu ya magetsi" ponena zinthu zinayi zosiyana, ndipo chisokonezo chimayambira pomwepo. Choncho ndigwiritsa ntchito mayina amene timawapeza m'mabuku athu a m'kalasi.

Taganizani za thanki ya madzi imene yaikidwa pamwamba pa nsanja, ndi paipi yotsika kupita ku mpopi. Thanki ikakhala pamwamba kwambiri, madzi amakankhidwa mwamphamvu. Kukankha kotereku m'magetsi ndiye voltage. Timaiyeza m'ma volt ndipo chilembo chake ndi V. Kuchuluka kwa madzi amene akudutsa m'paipimo pa sekondi iliyonse kukufanana ndi current. Timaiyeza m'ma ampere, mwachidule ma amp, ndipo chilembo chake ndi I. Paipi ikakhala yaing'ono, yaitali kapena yodzala dzimbiri, madzi amavutika kudutsa. Kutchinga kotereku ndiye resistance. Timaiyeza m'ma ohm ndipo chilembo chake ndi R. Chachinayi ndi power, ndiye kuti ntchito imene ikugwiridwa pa sekondi iliyonse, kaya ndi kutenthetsa, kuwalitsa kapena kuzunguza mota. Imeneyi timaiyeza m'ma watt ndipo chilembo chake ndi P.

Miyeso inayi yonseyi ndi mayina a anthu. Alessandro Volta wa ku Como, m'dziko la Italy, ndiye analengeza za batire loyamba m'chaka cha 1800. André-Marie Ampère wa ku France anafufuza ubale wa magetsi ndi maginito m'zaka za m'ma 1820. James Watt wa ku Scotland anatchuka chifukwa chokonza bwino injini zoyendera nthunzi. Wachinayi ndi mwini lamulo lathuli.

LAMULO LA OHM NDI KUPEZA RESISTANCE

Georg Simon Ohm anabadwira ku Erlangen, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1789. Bambo ake anali mmisiri wa maloko. Iye anali mphunzitsi wa masamu ndi sayansi pa sukulu ya sekondale mumzinda wa Cologne, ndipo kumeneko ndi kumene anayesa mawaya aatali ndi aafupi, onenepa ndi oonda, kuti aone mmene magetsi amadutsira. Zimene anapeza anazisindikiza m'buku m'chaka cha 1827. Akatswiri a kwawo poyamba sanazilandire bwino, koma mu 1841 bungwe la Royal Society la ku London linamupatsa mendulo ya Copley. Anamwalira ku Munich mu 1854.

Chimene Ohm anapeza ndi ichi: pa waya wachitsulo amene kutentha kwake sikukusintha, voltage ikawirikizidwa kawiri, current nayo imawirikiza kawiri. Timalemba motere:

V = I × R

Lamulo limeneli tingalitembenuze m'njira ziwiri. Pofuna resistance timagawa voltage ndi current, R = V ÷ I. Pofuna current timagawa voltage ndi resistance, I = V ÷ R.

Tiyeni tiyambe ndi tochi. Mabatire awiri a ma volt 1.5 akaikidwa motsatizana amapereka ma volt 3. Tiyerekeze kuti talumikiza kababu, ndipo ammeter ikuonetsa ma amp 0.3. Resistance ya kababuko ndi 3 ÷ 0.3, amene ndi ma ohm 10. Basi, masamu athera pomwepo.

Poyesa zimenezi mu labu pali zinthu ziwiri zofunika kusamala. Choyamba, ammeter imaikidwa mumzere umodzi ndi kababu kuti current yonse idutsemo, pamene voltmeter imagwira mbali ziwiri za kababuko. Ammeter ili ndi resistance yochepetsetsa, choncho mukaigwiritsa mbali ziwiri za batire current imakwera kwambiri n'kuiwononga. Chachiwiri, onetsetsani miyeso. Mita zambiri zimaonetsa ma milliamp, ndipo ma milliamp 1,000 ndiwo amapanga amp imodzi. Munthu amene wawerenga ma milliamp 300 n'kulemba 3 ÷ 300 apeza yankho lochepa ka 1,000. Ayenera kuyamba wasintha 300 uja kukhala 0.3. Ndipo ndinene pano: zoyesa zonsezi n'za pa mabatire. Pa soketi ya pakhoma tigwiritsa ntchito cholembera ndi pepala, osati zala.

KUPEZA POWER

Lamulo lachiwiri ndi losavutanso:

P = V × I

Kababu kathu kaja kakugwiritsa ntchito 3 × 0.3, amene ndi ma watt 0.9, osakwana ndi watt imodzi yomwe.

M'nyumba kawirikawiri timayambira kumapeto. Wopanga chipangizo amakhala atatiuza kale voltage ndi power, ndiye ife timafuna current. Timangotembenuza lamulo lija: I = P ÷ V. Magetsi a m'nyumba zathu kuno ku Malawi ndi a ma volt 230. Ketulo ya ma watt 2,000 imakoka 2,000 ÷ 230, pafupifupi ma amp 8.7. Tikadziwa current, resistance sivutanso: 230 ÷ 8.7 ikutipatsa ma ohm 26 ndi pang'ono. Ayironi ya ma watt 1,200 imakoka ma amp 5.2 ndipo resistance yake ndi ma ohm 44. Mbaula yamagetsi ya ma watt 1,500 imakoka ma amp 6.5 ndipo resistance yake ndi ma ohm 35. Babu lakale lija la ma watt 60 limakoka ma amp 0.26 okha, ndipo resistance yake likayaka ndi pafupifupi ma ohm 880.

Taonani chinthu chimene chimasokoneza ambiri. Munthu amaganiza kuti chipangizo chotentha kwambiri ndicho chili ndi resistance yaikulu. Manambala akunena zina: ketulo ili ndi ma ohm 26, babu ma ohm 880. Popeza zonse zikulandira ma volt 230 omwewo, cha resistance yochepa ndicho chimalola current yambiri kudutsa, ndipo ndicho chimadya ma watt ambiri.

EKISITENSHONI IMODZI, ZIPANGIZO ZITATU

Tsopano tifike pamene pagona nkhani. Pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito, yofanana ndi ya ku Britain, imakhala ndi fyuzi mkati mwake, ndipo fyuzi yaikulu kwambiri ya mupulagi ndi ya ma amp 13. Tikachulukitsa 13 × 230 tipeza ma watt 2,990. Apa ndiye pali malire a pulagi imodzi. Maekisitenshoni ambiri analembedwa ma amp 10, ndiye kuti malire awo ndi ma watt 2,300.

Tiyerekeze kuti ndi m'mawa wa mwezi wa June, kukuzizira. Mayi akuphika phala pa mbaula yamagetsi, mlongo wanu akusita yunifolomu, inu mwaika madzi osamba m'ketulo, ndipo zonsezi zalumikizidwa ku ekisitenshoni imodzi chifukwa m'chipindamo soketi ndi imodzi. Chipangizo chilichonse chikulandira ma volt 230 ndipo chikukoka current yakeyake, koma current zonsezo zikudutsa m'waya mmodzi wopita kukhoma. Tiwonkhetse: 6.5 + 5.2 + 8.7 ndi ma amp 20.4. Waya wa ma amp 10 wasenza katundu woposa kawiri mlingo wake.

Ngati zonse zili m'malo mwake, fyuzi imapsa, zipangizo n'kuzima. Fyuzi ndi kawaya koonda kamene kanapangidwa dala kuti kasungunuke waya wamkulu asanatenthe mopitirira. Ikapsa ndiye kuti yagwira ntchito yake. Tsoka limabwera pamene wina wochenjera pakhomopo achotsa fyuzi yopsayo n'kuikapo kawaya ka kopa, kamsomali kapena pepala lonyezimira. Magetsi amayakadi, onse n'kumuyamikira, koma current ija sinatsike. Ikadali ma amp 20.4. Chimene chasintha n'chakuti tsopano chosungunuka ndi waya wa ekisitenshoni, amene mwina wadutsa pansi pa mphasa kapena kuseli kwa katani.

Masamu omwewa amatithandiza kusankha fyuzi yoyenera. Fyuzi ya ma amp 3 imakwana zipangizo zosapitirira ma watt 690, monga wailesi ndi nyale ya patebulo. Ketulo ndi mbaula zimafuna ya ma amp 13. Kuika fyuzi ya ma amp 13 pa nyale ya waya woonda kuli ngati kulemba mlonda wogona tulo, chifukwa waya angatenthe fyuzi ili phee.

Ndiponso si ekisitenshoni iliyonse imene ingasenze zimene yalembedwa. Zina zotsika mtengo zimaoneka zonenepa kunja, koma mukazisenda mupeza pulasitiki yambiri ndi timawaya towerengeka. Paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

KUTENTHA KUMACHOKERA KUTI?

M'chaka cha 1841 James Prescott Joule wa ku England anasindikiza zimene anapeza poyeza kutentha kwa mawaya odutsa magetsi. Ifenso tingazipeze pophatikiza malamulo athu awiri aja. Mu P = V × I, m'malo mwa V tiikemo I × R. Zikutipatsa:

P = I × I × R

Current yalowamo kawiri, ndipo apa mpamene pali chinsinsi cha moto wa magetsi. Current ikawirikiza kawiri, kutentha kumawirikiza kanayi. Ikawirikiza katatu, kutentha kumawirikiza ka 9.

Tinene kuti waya wa ekisitenshoni ali ndi resistance ya ma ohm 0.2. Pa ma amp 10 amatulutsa 10 × 10 × 0.2, ma watt 20, amene amamwazika m'litali mwa waya yense. Pa ma amp 20 amatulutsa 20 × 20 × 0.2, ma watt 80. Ngati wayayo wakulungidwa kapena waphimbidwa, kutenthako kumasowa kothawira.

Choopsa china ndi polumikizira posamangitsa. Sikuluwu ya mupulagi ikakhwefuka, kapena mawaya awiri akangopotedwa n'kukulungidwa ndi pepala la pulasitiki, pamalo pamenepo resistance imakwera. Tinene kuti yafika theka la ohm. Pa ma amp 10 pakutuluka 10 × 10 × 0.5, ma watt 50, pa kamalo kochepa ngati chikhadabo. Amene anagwirapo babu la ma watt 60 litayaka kwa kanthawi akudziwa kutentha kwake. Chodetsa nkhawa n'chakuti fyuzi sizindikira vuto lotere, chifukwa ma amp 10 sanapitirire 13. Wozindikira ndi munthu: pulagi yotentha poigwira, soketi imene yada m'mabowo, fungo la pulasitiki yopserera. Mukaona zimenezi zimitsani, ndipo itanani mmisiri wa magetsi wodziwa ntchito yake.

CHIFUKWA CHAKE NTHAMBO ZAZIKULU ZIMANYAMULA MA VOLT AMBIRI

Magetsi athu ambiri amapangidwa ndi kampani ya EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ESCOM ndi imene imawanyamula kukafika kwa ogula. Kuchoka ku Shire kufika ku Lilongwe kapena ku Mzuzu ndi mtunda wautali, ndipo waya akatalika resistance yake imakula. Nanga amatani kuti magetsi asathere m'njira?

Yankho lili mu P = V × I. Power yomweyo mungaitumize ndi voltage yochepa ndi current yambiri, kapena ndi voltage yambiri ndi current yochepa. Mwa kuwerenga kosavuta, ma watt 100,000 pa ma volt 230 amafuna ma amp 435, pamene pa ma volt 11,000 amafuna ma amp 9 okha. Popeza chotenthetsa waya ndi current, njira yachiwiriyi ndiyo yanzeru. N'chifukwa chake thiransifoma imakweza voltage pochoka kumalo opangira magetsi, kufika ma volt 66,000 kapena 132,000, ndipo ina imaitsitsa pang'onopang'ono kufika 33,000 kapena 11,000, mpaka 230 pakhomo pathu. Mu 2018 inatha ntchito yomanga nthambo ya ma volt 400,000 yochoka ku Phombeya m'boma la Balaka kufika ku Nkhoma m'boma la Lilongwe. Kuchoka pa 132,000 kufika pa 400,000 ndi kukweza voltage pafupifupi katatu. Current imatsika katatu, ndipo pa waya wofanana zotayika m'njira zimatsala gawo limodzi mwa magawo 9.

Kumudzi kumene timagwiritsa ntchito sola ndi batire la ma volt 12, nkhani yomweyi imatembenuka. Wailesi yakanema ya ma watt 60 pa ma volt 12 imakoka 60 ÷ 12, ma amp 5, pamene babu la ma watt 60 omwewo pa ma volt 230 linkakoka 0.26. Waya wa kopa wolembedwa 1.5 mm² ali ndi pafupifupi ma ohm 0.0115 pa mita iliyonse. Ngati batire lili pa mtunda wa mamita 10, current iyenda mamita 20 kupita ndi kubwerera, ndipo resistance ndi ma ohm 0.23. Voltage yotayika m'njira ndi 5 × 0.23, ma volt 1.15, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a batire lonse. Mukaika waya wa 4 mm² zotayika zimatsika kufika ma volt 0.43. Ambiri amadandaula kuti batire lawo latha mphamvu, chonsecho wolakwa ndi waya woonda ndi wautali. Nayo inveta yopereka ma watt 1,000 kuchokera ku batire la ma volt 12 imakoka ma amp oposa 83, ndiye chifukwa chake imafuna mawaya aafupi ndi onenepa ngati a batire la galimoto.

VOLTAGE IKATSIKA KAPENA IKAKWERA

Pali njira yachitatu yolembera power. Mu P = V × I, m'malo mwa I tiikemo V ÷ R, ndipo tipeza P = V × V ÷ R. Njira imeneyi imatiuza zimene zimachitika voltage ikasintha pamene chipangizo chili chomwecho.

Madzulo, pamene nyumba zambiri zayatsa mbaula nthawi imodzi, voltage imatha kutsika. Tinene kuti yafika 200. Ketulo yathu ya ma ohm 26.4 ipereka 200 × 200 ÷ 26.4, ma watt ongopitirira pang'ono 1,500 m'malo mwa 2,000. Voltage yatsika ndi magawo 13 pa 100 alionse, koma power yatsika ndi magawo 24. Madzi akachedwa kuwira musafulumire kunena kuti ketulo yafa.

Mbali inayi ndi yoopsa. Ku United States magetsi a m'nyumba ndi a ma volt 120. Wachibale angakutumizireni chipangizo chotenthetsa cholembedwa 120 V, 1000 W, kapena mungachipeze pa kaunjika. Resistance yake ndi 120 × 120 ÷ 1,000, ma ohm 14.4. Mukachilumikiza kuno chikoka 230 ÷ 14.4, ma amp 16, ndipo chitulutsa ma watt oposa 3,600. Chipsa posakhalitsa. Kusintha pulagi kokha sikuthandiza. Machaja ambiri a foni ndi a kompyuta analembedwa 100-240 V, ndipo amenewo amagwira ntchito konsekonse, koma muyenera kuwerenga kaye. Safunsa anadya phula.

THUPI LA MUNTHU NALO LILI NDI RESISTANCE

Lamulo la Ohm silisankha. Limagwira pa waya, limagwiranso pa ine ndi inu. Khungu louma lili ndi resistance yaikulu ndithu, koma likanyowa ndi madzi kapena thukuta resistance ya thupi imatha kutsika kufika pafupifupi ma ohm 1,000. Pa ma volt 230, current ndi 230 ÷ 1,000, ma amp 0.23, kapena kuti ma milliamp 230. Nambalayi ikuoneka yaing'ono, yosakwana ndi ya babu yomwe. Koma zipangizo zotetezera anthu m'nyumba zimapangidwa kuti zidule magetsi pa ma milliamp 30 okha, chifukwa kupitirira apo kugunda kwa mtima kungasokonekere. Ndiye kuti munthu wonyowa, wopanda nsapato, amene wagwira waya wa moto, walandira zoposa ka 7 mlingo umenewo. Khungu louma nalo si lodalirika pa ma volt 230.

Nanga bwanji mbalame imatera pa nthambo ya ma volt 11,000 osafa? Miyendo yake yonse iwiri ili pa waya mmodzi, ndipo kusiyana kwa voltage pakati pa miyendoyo n'kochepetsetsa, choncho current yodutsa m'thupi mwake ndi yosanunkha kanthu. V ya m'malamulo athu ndi kusiyana kwa voltage pakati pa mbali ziwiri za chinthu chimene tikuwerengera. Munthu woima pansi amene wagunda nthambo yomweyo ndi nsungwi yaiwisi kapena chitsulo pothyola mango, ma volt onse aja amagwera pa iyeyo.

Batire la galimoto la ma volt 12 silikugwedezani mukagwira mitu yake ndi manja ouma, chifukwa voltage ndi yochepa poyerekeza ndi resistance ya khungu. Koma sipanala ikagwera pa mitu iwiriyo, resistance yake ndi yochepetsetsa, ndipo pamadutsa ma amp mazanamazana. Sipanala imatentha koopsa, ndipo batire lingaphulike.

KUCHOKA PA MA WATT KUFIKA PA MAYUNITSI

Yuniti imodzi imene timagula ndi ma watt 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola limodzi. Choncho chulukitsani ma watt ndi maola, kenaka gawani ndi 1,000. Ketulo ya ma watt 2,000 ikayaka mphindi 6, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 10 a ola, yadya mayunitsi 0.2. Mbaula ya ma watt 1,500 ikaphika nyemba maola atatu osapumira yadya mayunitsi 4.5, ofanana ndi kuwiritsa ketulo ija koposa ka 20. Kunyika nyemba usiku kuti zikapse msanga ndi nzeru imene masamu akuivomereza.

Babu lakale la ma watt 60 likamayaka maola asanu tsiku lililonse kwa masiku 30 limadya mayunitsi 9. Babu la LED la ma watt 9, limene limawala mofanana nalo, limadya mayunitsi 1.35. M'nyumba ya mababu asanu ndi limodzi kusiyanako kukufika pafupifupi mayunitsi 46 pamwezi.

PAMENE MALAMULOWA AMAFUNA KUSAMALA

Ndinanena poyamba paja kuti lamulo la Ohm limagwira pamene kutentha kwa waya sikukusintha. Babu lakale limaonetsa bwino mfundo imeneyi. Tinawerengera ma ohm 880, koma mukaliyeza ndi multimeter lili lozizira mupeza ma ohm osakwana 100. Kawaya ka tungsten ka mkatimo kamatentha kupitirira madigiri 2,000, ndipo resistance ya chitsulo imakwera ndi kutentha. Ndiye kuti pa kamphindi koyamba mutangoyatsa, babu limakoka current yochuluka pafupifupi ka 10 kapena kuposa, ndipo n'chifukwa chake mababu otere amakonda kupsa nthawi yoyatsa.

Chachiwiri, magetsi a pakhoma sayenda mbali imodzi ngati a batire. Amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi. Pa zipangizo zotenthetsa, monga ketulo, ayironi ndi mbaula, P = V × I imapereka yankho lolondola. Pa zipangizo za mota, monga firiji, pampu ya madzi ndi chigayo, current yeniyeni imakhala yochulukirapo kuposa imene P ÷ V ikupereka, ndipo mota polira imakoka current yowirikiza kangapo. Voltage ikatsika, mota yosenza katundu imakoka current yambiri m'malo mochepetsa, n'kutentha. Pa zipangizo zoterezi khulupirirani ma amp amene wopanga analemba, ndipo siyani mpata.

MAWU OTSIRIZA

Anzanga, zonse ndanenazi zagona pa mizere iwiri: R = V ÷ I ndi P = V × I. Pa tchuthi chikubwerachi ndikukupemphani ntchito imodzi. Tengani kope, yendani m'nyumba ya kwanu kapena ya achibale, ndipo lembani ma watt a chipangizo chilichonse. Gawani ndi 230 kuti mupeze ma amp. Wonkhetsani ma amp a zonse zimene zimalumikizidwa pamalo amodzi, ndipo yerekezani ndi nambala imene yalembedwa pa ekisitenshoni ndi pa fyuzi. Zikapitirira, afotokozereni makolo mwaulemu, pepala lili m'manja, chifukwa manambala amamveka kuposa mawu a mwana wasukulu.

Kwa amene akukonzekera mayeso, nali funso loyeserera. Ayironi ina ikukoka ma amp 5 pa ma volt 230. Pezani resistance yake, power yake, ndi mayunitsi amene ingadye ikatentha maola awiri osalekeza. Kodi ingalumikizidwe pamodzi ndi mbaula ya ma watt 1,500 pa ekisitenshoni ya ma amp 10? Phimbani mzere wotsatirawu mpaka mutamaliza.

Mayankho: ma ohm 46, ma watt 1,150, mayunitsi 2.3, ayi, chifukwa 5 + 6.5 ndi ma amp 11.5.